Tisanagule, tisanasaine, tiyambe tafunsa

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a makalabu ndi makopaletivi a alimi ang'onoang'ono

 Tikudziwa kuti ena mwa inu mwadzuka tambala woyamba n'kupalasa njinga mtunda wautali kuti mudzakhale nawo pano, choncho sitizungulira ayi.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense muno akuchidziwa. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, m'misika mwathu mumapezeka anthu amene amatenga chimanga cha m'nkhokwe, n'kuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, n'kuchilongedza m'mapaketi okongola, n'kumatigulitsa ngati mbewu ya haibulidi. Mlimi amadzazindikira kuti anamupusitsa chimanga chikamamasula chili chofika m'chiuno. Pamenepo ndalama yapita, feteleza wapita, ndipo mvula siibwereranso.

Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya utoto wa mtundu womwewo, kungoti uwu sapaka pa chimanga. Amaupaka pa botolo la mankhwala, pa thumba la manyowa, pa paketi ya tiyi, ngakhalenso pa pepala la mgwirizano limene amabwera nalo kumudzi kuti tisaine. Amajambulapo tsamba lobiriwira, dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, kapena mayi akumwetulira atabereka dengu la tiyi, n'kulembapo mawu a Chingerezi monga natural, eco-friendly, green kapena bio. Pa Chingerezi mchitidwe umenewu amautcha greenwashing, kutanthauza kudzionetsa ngati wosamala chilengedwe pamene zochita zako sizinasinthe. Mawuwa anawayambitsa ndi Jay Westerveld wa ku America m'chaka cha 1986, ataona mahotela akupempha alendo kuti asamasinthe matawulo tsiku lililonse, ati pofuna kuteteza chilengedwe, chonsecho chimene eni mahotela ankapindula nacho ndi kuchepa kwa ndalama zochapira. Makolo athu anauona kale mchitidwewu pamene ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti amene timapusitsidwa ndi ife a kumudzi tokha. M'chaka cha 2020 bungwe la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linachita kafukufuku wa mawu oterewa pa katundu wogulitsidwa kumeneko, ndipo linapeza kuti mawu 53 pa 100 alionse anali osamveka bwino, osocheretsa kapena opanda maziko, ndipo 40 pa 100 alionse analibe umboni. M'chaka cha 2015 kampani ya Volkswagen inavomera kuti inaika pulogalamu yachinyengo m'galimoto pafupifupi 11 miliyoni, yochititsa kuti utsi uzioneka wochepa pa nthawi yoyeza yokha. Ngati makampani akuluakulu otere amatha kunamiza mayiko okhala ndi makina oyezera, kuli bwanji ife?

Nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Ife ndife ogula, chifukwa timagula mbewu, feteleza ndi mankhwala. Ifenso ndife ogulitsa, chifukwa tiyi, khofi, mtedza ndi shuga zimene zimafika m'masitolo a kunja zili ndi zizindikiro zokongola zimachokera m'minda mwathu. Mbali zonse ziwirizi, chotiteteza ndi chimodzi: kudziwa kusiyanitsa chizindikiro chenicheni ndi utoto.

Mafuwa atatu a chizindikiro chenicheni

Amayi ali muno akudziwa kuti mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Chizindikiro chenicheni nachonso chimakhala pa mafuwa atatu, ndipo limodzi likasowa, chimenecho ndi chithunzi chabe.

Fuwa loyamba ndi malamulo olembedwa. Payenera kukhala buku limene likunena momveka bwino kuti mankhwala akuti ndi oletsedwa, kulima m'mbali mwa mtsinje kulekezere pakuti, ana asagwire ntchito zakuti. Bukulo aliyense ayenera kukhala ndi mwayi woliwerenga. Mawu akuti natural kapena green alibe buku lotere. Aliyense wokhala ndi makina osindikizira angathe kuwalemba.

Fuwa lachiwiri ndi woyendera wapadera, amene si wantchito wa kampani imene ikugulitsa katunduyo. Iyeyu amafika kumunda, amaona mosungira mankhwala, amawerenga mabuku a kalabu, amacheza ndi mamembala paokha, ndipo ali ndi mphamvu yolanda chiphaso akapeza zolakwika. Kampani ikadzipangira chizindikiro chake n'kumadziyendera yokha, ili ngati mwana wa sukulu amene akudzichongera yekha mayeso.

Fuwa lachitatu ndi chiphaso chokhala ndi nambala. Pa chiphaso chenicheni pamalembedwa dzina la mwini wake, mbewu imene chikukhudza, dzina la bungwe limene linayendera, ndi tsiku limene chidzathere mphamvu. Mabungwe oyenderawa amaika mayina a eni ziphaso pa intaneti, moti wachinyamata wa m'kalabu mwanu wokhala ndi foni angathe kufufuza. Chiphaso cha khofi sichigwira ntchito pa mtedza, ndipo chiphaso chimene chinatha chaka chatha ndi pepala wamba.

Chizindikiro chilichonse chimalonjeza zakezake

Ngakhale zizindikiro zenizeni sizinena chinthu chimodzi, ndipo ambiri timasokonezeka pamenepa.

Fairtrade ndi chizindikiro cha mtundu wakuda, wabuluu ndi wobiriwira, chooneka ngati munthu wakweza dzanja. Chinayambira ku Netherlands m'chaka cha 1988 ndi dzina loti Max Havelaar, pa khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Mexico. Woyendera wake ndi bungwe la FLOCERT, ndipo gulu lililonse lovomerezedwa limapatsidwa nambala yakeyake. Chimene chimalonjeza kwenikweni ndi malonda achilungamo: mtengo umene wogula sayenera kutsika kuposa pamenepo pa mbewu zina, komanso ndalama yapamwamba ya chitukuko imene mamembala eni ake amaikonzera ntchito pa msonkhano wawo waukulu. Pa tiyi ndalamayi yakhala ili masenti 50 a ku America pa kilogalamu ya tiyi wouma wa kufakitale, ndipo pa shuga madola 60 pa tani. Zipatso zake taziona m'dziko muno. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ku Chikwawa analandira chiphasochi m'chaka cha 2002 ndipo anakumba mijigo ndi kukokera magetsi kumidzi. Alimi a mtedza a MASFA ku Mchinji, amene ali pansi pa NASFAM, anachilandira mu 2004 ndipo anamanga nyumba yogona odikirira odwala pa chipatala cha boma cha Mchinji. Alimi a tiyi a Sukambizi ku Mulanje anachilandira mu 2008 ndipo anamanga milatho ndi midadada ya sukulu. Komabe dziwani kuti Fairtrade siletsa feteleza wa m'sitolo. Ili ndi mndandanda wa mankhwala oletsedwa, koma si ulimi wa organic.

Rainforest Alliance ndi chizindikiro cha kachule kobiriwira, chimene chimadziwika bwino m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Bungweli linayamba m'chaka cha 1987 ndipo linaphatikizana ndi lina lotchedwa UTZ mu 2018. Limayang'ana kwambiri nkhalango, mitsinje, nthaka, kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ndi umoyo wa antchito. Nalonso limalola feteleza ndi mankhwala ena, ndipo sililonjeza mtengo wotsikitsitsa ngati mmene ichitira Fairtrade.

Chizindikiro cha organic cha ku Ulaya ndi tsamba lopangidwa ndi nyenyezi zoyera 12 pa mtundu wobiriwira. Ichi ndicho chimaletsa feteleza wa m'fakitale, mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi udzu, komanso mbewu zosinthidwa chibadwa. Pafupi ndi tsambalo pamayenera kukhala nambala ya bungwe limene linayendera, monga Ecocert, CERES kapena Control Union. Mawu akuti organic okhaokha, popanda dzina kapena nambala ya woyendera, ndi mawu a wogulitsa basi.

Kwathu kuno tili ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Chidindochi chimanena kuti katundu wakwaniritsa muyezo wa dziko lino, ndipo n'chofunika kwambiri, koma pachokha sichinena kuti katunduyo ndi wa organic. Mankhwala ophera tizilombo amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board, malinga ndi lamulo la chaka cha 2000. Pano tichenjezane za mzere wa mtundu umene umakhala m'munsi mwa botolo la mankhwala. Wofiira ukutanthauza poizoni woopsa kwambiri, wachikasu ndi wotsatira, kenako wabuluu, kenako wobiriwira. Mzere wobiriwira ukungonena kuti mankhwalawo sapha munthu msanga poyerekeza ndi enawo. Sukunena kuti mungapopere opanda zodzitetezera, kapena kutsukira sipuleya mumtsinje, kapena kuti njuchi sizifa.

Tikamagula

Feteleza atakwera mtengo, m'misika mwadzaza mabotolo olembedwa kuti organic kapena bio, ndipo ogulitsa ena amati lita imodzi ikulowa m'malo mwa thumba lathunthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Thumba la yureya la makilogalamu 50 limalembedwa 46% N. Zimenezi zikutanthauza kuti m'thumbamo muli chakudya cha mbewu cha nayitrojeni chokwana makilogalamu 23. Botolo la lita imodzi limalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, madzi ndi zonse. Kodi makilogalamu 23 angalowe bwanji m'botolo limenelo? Sitikukana kuti feteleza wina wopopera m'masamba amathandiza pamene mbewu ikusowa timichere tochepa monga zinki. Chimene tikukana ndi bodza loti botolo lingadyetse ekala ya chimanga. Feteleza weniweni, kaya wa m'fakitale kaya wa manyowa, amalembedwa kuchuluka kwa chakudya chimene chilimo, monga tionera 23:10:5 pa thumba la wokulitsa. Ngati palibe manambala, palibe dzina la wopanga, palibe keyala, palibe tsiku lothera, bwezani ndalama yanu m'thumba.

Chachiwiri, chinthu chachilengedwe si ndiye kuti n'chosaopsa. Mthuthu umene timapopera ndiwo zamasamba ndi womwewo umene umapha nsomba ukalowa mumtsinje. Madzi a fodya ndi poizoni. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga n'chachilengedwe, koma poizoni wake amawononga chiwindi, ndipo mayiko a ku Ulaya salola mtedza wokadyedwa mwachindunji ngati poizoniyu wapitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Mtedza wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala, koma wonyowetsedwa ndi madzi kuti usweke msanga, ungathe kudwalitsa ana athu ndi kubwezedwa pa msika.

Chachitatu, titchule zinthu ndi mayina ake enieni. Manyowa a Mbeya atithandiza ambiri kuchulukitsa feteleza wochepa, ndipo tikulimbikitsa kuti tipitirize kupanga. Koma popeza timasakanizamo feteleza wa m'sitolo pamodzi ndi ndowe, gaga ndi phulusa, munda wothiridwa Mbeya sungalandire chiphaso cha organic. Amene akukuuzani kuti ungalandire sakudziwa malamulo, kapena akukunamizani.

Tikamagulitsa

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Pa nthawi imene tinkagwira ntchito ya ulangizi, kudera lina kunabwera kampani yofuna tsabola wa organic. Anthu ake ankayankhula bwino, anali ndi galimoto yojambulidwa masamba, ndipo ife alangizi ndi amene tinaitanitsa misonkhano ndi kulemba mayina. Alimi anasonkha ndalama yolembetsera, anasiya feteleza, anapalira ndi manja, analemba mabuku a munda mokhulupirika. Woyendera anabweradi ndipo chiphaso chinatuluka, koma chinatuluka m'dzina la kampani. Pa nthawi yogula, mtengo unali wosasiyana kwenikweni ndi wa mavenda. Kutabwera wogula wina wopereka mtengo wabwino, alimi analephera kumugulitsa tsabola wawo ngati wa organic, chifukwa pepala silinali lawo. Mayi wina wachikulire anatifunsa kuti, "Alangizi, inu munaliona pepalalo musanatiitane?" Tinasowa choyankha, chifukwa sitinalione. Ndi funso la mayi amene uja limene latiimika pano lero.

Choncho aliyense wobwera ndi nkhani ya chiphaso, kaya ndi kampani, kaya ndi bungwe lothandiza, mulandireni mwaulemu, mumupatse mpando, kenako mumufunse mafunso asanu awa.

Loyamba: wogula ndani, agula matani angati, pa mtengo wanji? Chiphaso si msika. Ndalama yapamwamba imaperekedwa pa katundu yekhayo amene wogula wavomera kugula pansi pa chizindikirocho. Pa tiyi, magulu ambiri okhala ndi chiphaso cha Fairtrade amagulitsa gawo laling'ono chabe motero, wotsalayo amapita pa mtengo wamba. Kumbukiraninso kuti masenti 50 aja ndi a tiyi wouma, ndipo kilogalamu imodzi ya tiyi wouma imafuna makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi amene timathyola.

Lachiwiri: alipira ndani? Walira mvula walira matope. Woyendera amabwera kawirikawiri, pa organic chaka ndi chaka, ndipo amalipidwa mu ndalama zakunja. Gulu limafunika alembi, oyendera a m'kati mwa gulu, mabuku, zovala zodzitetezera ndi malo osungira katundu payekha. Pa organic, munda umadikira zaka 2 ngati ndi mbewu za chaka chimodzi monga mtedza ndi soya, ndi zaka 3 ngati ndi mbewu zokhalitsa monga khofi ndi tiyi. Zaka zimenezo mlimi amatsata malamulo onse koma sanayambe kugulitsa ngati organic. Malamulo atsopano a ku Ulaya, amene anayamba kumeneko mu 2022 n'kufika pa magulu a alimi a mayiko ena mu 2025, akuti gulu limodzi lisapitirire mamembala 2,000, likhale lolembetsedwa mwalamulo, ndipo woyendera wakunja aone mamembala osachepera 5 pa 100 alionse chaka chilichonse. Zonsezi ndi ndalama. Kudandaula za mtengo wa ziphaso si kwa ife tokha. M'chaka cha 2025 boma la Kenya linauza mafakitale a tiyi kuti ayambe aimitsa za chiphaso cha Rainforest Alliance, ponena kuti ndalama zake zikulemera alimi ang'onoang'ono pamene phindu lake sakuliona pa mtengo.

Lachitatu: chiphaso chituluka m'dzina la yani? Ngati ndi la kampani, dziwani kuti mwamangidwa kwa wogula mmodzi. Nthawi zina zimenezi sizipeweka poyamba, chifukwa kampani ndi imene ili ndi ndalama. Zikatero, mgwirizano unene mtengo, unenenso chaka chimene chiphasocho chidzasamutsidwire ku kopaletivi.

Lachinayi: ndalama yapamwamba ilowa mu akaunti ya yani, ndipo aganize zochita nayo ndani? M'chaka cha 2017 sitolo yaikulu ya ku Britain ya Sainsbury's inachotsa chizindikiro cha Fairtrade pa tiyi wake wina n'kuikapo chakechake cha mawu ofanana nacho, Fairly Traded. Pa ndondomeko yatsopanoyo, alimi ankayenera kupempha chilolezo ku komiti ya ku London kuti agwiritse ntchito ndalama ya chitukuko. Magulu a alimi a tiyi a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo a kuno ku Malawi, analemba kalata yokana, ponena kuti akulandidwa mphamvu pa ndalama imene anaikhetsera thukuta. Taonani kuti mawu a pa paketi anangosintha pang'ono, koma amene wagwira chikwama anasintha.

Lachisanu: zinthu zikalakwika, aluza ndani? Katundu akakanidwa chifukwa cha chuku kapena mankhwala, ayeza ndani, ndipo ife tiona zotsatira zake? Wogula akapanda kubwera, tili ndi ufulu wogulitsa kwina? Pepala la mgwirizano lisasainidwe tsiku lomwelo. Ligone kumudzi, limasuliridwe m'chiyankhulo chathu, liwerengedwe pamaso pa mamembala onse, amayi ali pomwepo, ndipo kalabu isunge kope yake. Wamalonda woona sakwiya ndi mafunso. Amene akuti sainani lero chifukwa galimoto ikunyamuka, musiyeni anyamuke.

Mafunso omwewa afunseninso kwa amene akubwera ndi nkhani yodzala mitengo kuti tidzalandire ndalama za mpweya. Funsani kuti mgwirizano ndi wa zaka zingati, mitengo ikhala ya yani, munda mungaugwiritse ntchito bwanji pa zaka zimenezo, ndipo pa ndalama imene iwo alandire kunja, yofika kwa mlimi ndi yochuluka bwanji.

Ifenso tisapake utoto

Amayi ndi abambo, wakutsina khutu ndi mnansi. Chinyengo chimenechi sichichokera ku makampani okha. Membala wa gulu la organic amene amathira feteleza usiku, kapena wogula mtedza kwa mavenda n'kuusakaniza ndi wake kuti akwanitse matumba amene analonjeza, nayenso akupaka utoto. Komiti imene imalemba mabuku a chaka chonse usiku umodzi chifukwa woyendera akubwera mawa, kapena kubisa mabotolo a mankhwala kudenga, ikuchita zomwezo. Makina a kunja amapeza mankhwala ngakhale ochepetsetsa, ndipo akawapeza m'thumba limodzi, katundu yense amakanidwa, gulu lonse n'kukhala pa chiopsezo cholandidwa chiphaso. Wolakwa ndi mmodzi, olira ndi mazana.

Chimodzimodzinso ndalama ya chitukuko. Ngati mamembala sakudziwa kuti chaka chatha inabwera zingati ndipo inagwira ntchito yanji, chizindikiro chija chasanduka utoto m'manja mwathu momwe. Atsogoleri, muziwerenga malipoti a ndalama pa msonkhano waukulu ndi kuwamata pa khoma la ofesi. Sitingafunse chilungamo kwa ogula a kunja pamene ife tikubisirana kunyumba.

Tinenenso kuti kusamala nthaka sikudikira chiphaso. Kupanga manyowa, kuphimbira, kusinthasintha chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, kusiya mitengo ya msangu m'munda ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje zimatipindulira ife eni, kaya wogula wakunja abwere kaya asabwere. Chiphaso ndi nkhani ya malonda, ndipo tichilowe pokhapokha masamu ake akutuluka.

Zimene tikupempha

M'chaka cha 2024 mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo loletsa kulemba mawu monga eco-friendly popanda umboni, komanso loletsa zizindikiro zimene kampani yangodzipangira popanda woyendera wapadera. Tsiku loyamba kugwira ntchito lamuloli analiika pa 27 Sepitembala 2026. Iwo ateteza ogula awo. Ifenso tili ndi malamulo oletsa kunamiza ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilipo kuti lizilandira madandaulo otere. Choncho tikupempha zinthu izi.

Tikupempha bungwe limeneli, pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards ndi Pesticides Control Board, kuti aziyendera misika ya kumidzi nyengo yodzala isanafike, osati masitolo a m'tauni okha, ndipo mayina a katundu wopezeka wachinyengo azilengezedwa pa wailesi.

Tikupempha kuti malangizo ndi machenjezo a pa mabotolo a mankhwala ndi feteleza azilembedwanso m'ziyankhulo zathu, ndipo mawu akuti organic asamalembedwe pa katundu wogulitsidwa m'dziko muno popanda umboni woti munthu angaufufuze.

Tikupempha ogula ndi masitolo a kunja amene amafuna ziphaso kuti azisenza nawo mtengo wake, popeza ndi iwo amene amagulitsira chizindikirocho, komanso kuti azilonjeza polemba kuchuluka kwa katundu amene agule.

Tikupempha boma ndi mabungwe othandiza kuti pothandiza alimi kupeza ziphaso, azionetsetsa kuti zikutuluka m'dzina la makopaletivi ndi mabungwe a alimi.

Pa msika wa m'dziko momwe muno, tikupempha kuti pakhale njira yotsika mtengo, imene alimi, ogula ndi alangizi a dera limodzi amayenderana minda okha potsata malamulo amene agwirizana n'kuwalemba. Anzathu a ku Tanzania, Kenya ndi Uganda anagwirizana muyezo umodzi wa organic m'chaka cha 2007 ndipo ali ndi chizindikiro chawo chotchedwa Kilimohai. Mlimi wa tomato wogulitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre safunika kulipira woyendera wochokera ku Ulaya.

Ife ngati mgwirizano wa alimi tilinso ndi gawo lathu. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, odziwa kuwerenga, amene aziona pepala lililonse lisanasainidwe. Mgwirizano uliwonse umene wabwera kumudzi kwanu, tumizani kope yake ku ofesi ya boma lanu kuti tiunikire limodzi, ndipo wogula amene wathawa ndi katundu kapena kuphwanya lonjezo dera lina adziwike m'madera onse.

Pomaliza tikupatsani ntchito yochita mukabwerera. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, membala aliyense abweretse paketi, botolo lotsekedwa bwino kapena thumba limene anagula chaka chino. Muziike pakati, muziwerenge chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse mufunse kuti malamulo ake ali kuti, anayendera ndani, nambala yake ndi iti. Zimene mupeze mutilembere kuti tidzazisindikize m'kalata yathu ino, anzathu a maboma ena aphunzirepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.